Dumas: mwana wa kapolo amene anatsogolera asilikali apakavalo

Anzanga, ena mwa inu munamvapo za Alexandre Dumas, mlembi wa buku la The Three Musketeers. Nanga bambo ake mumawadziwa?

Thomas-Alexandre Dumas anabadwa mu 1762 ku Saint-Domingue, komwe lero timati Haiti. Mayi ake anali kapolo wachikuda, bambo ake mzungu wa ku France. Tangoganizani, bambo akewo anamugulitsa ali mnyamata kuti apeze ndalama yobwererera kwawo, n'kudzamuwombola pambuyo pake!

Mu 1786, ali ku France, analowa gulu la asilikali apakavalo ngati msilikali wamba, n'kulembetsa dzina la mayi ake, Dumas. Anthu atagwetsa ufumu, boma latsopano linayamba kukweza asilikali poona luso, osati banja lomwe achokera. Mu 1793, ali ndi zaka 31 zokha, anakhala jenerale. Mu 1798 Napoleon anapita naye ku Egypt monga mkulu wa apakavalo onse.

Kumeneko anasemphana maganizo ndi Napoleon. Pobwerera, sitima yawo inawonongeka, adani n'kumugwira ku Taranto, ku Italy. Anakhala m'ndende zaka ziwiri, natuluka thupi litatheratu. Mu 1802 Napoleon anabwezeretsa ukapolo, ndipo Dumas sanamupatsenso ntchito. Anamwalira wosauka mu 1806, mwana wake uja ali ndi zaka zitatu.

Mwaona? Kulimba mtima kwake sikunasinthe, zinasintha ndi malamulo. Ufulu omwe lamulo lakupatsani lero, lamulo lina likhoza kukulandani mawa ngati simuuteteza.