Masitampa a nthawi ya atsamunda ku Nyasaland

Masitampa oyamba a dziko lomwe lero ndi Malawi adatuluka mu 1891. Adali a kampani ya British South Africa, ndipo pamwamba pake adangodindapo zilembo zakuti B.C.A., kuimira British Central Africa. Dzikoli lidakhala ndi masitampa akeake mu 1895, osindikizidwa ku London ndi kampani ya De La Rue.

Mu 1898 masitampa a kobiri limodzi adasowa. Boma lidatenga chidindo cha msonkho wa macheke nkusindikiza nacho masitampa ongogwirizira, otumizira makalata a m'dziko momwemo. Pa ochepa mwa iwo chidindocho chidakhala chozondoka, ndipo cholakwika chimenechi ndicho chimawakwezera mtengo lero.

Dzina la dzikoli lidasintha kukhala Nyasaland mu 1907. Nyalugwe woima pathanthwe adaonekera pa masitampa a 1934; kuyambira 1954 mpaka 1963 kudali a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kenaka a Malawi mu 1964.

Ukale pawokha supatsa sitampa mtengo, ngakhale ambiri amaganiza choncho. Osonkhanitsa amayang'ana kusowa kwake, ngati mano a m'mphepete ali onse, ngati ulimbo wakumbuyo udakalipo, komanso chizindikiro chobisika m'pepala chimene chimaoneka akaunika. Mitengo amaiyerekeza ndi ya m'buku la Stanley Gibbons. Masitampa a ndalama zambiri, monga a £10, kawirikawiri ankamatidwa pa zikalata za boma, ndipo otere amatsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi odindidwa ku positi ofesi.