Masetilaiti a Microwave ndi Nyengo ya ku Mapiri a Dedza

Zoyezera za microwave ndi makina amene amaikidwa pa masetilaiti a zanyengo kuti aziyeza kutentha kwa mpweya ndi kuchuluka kwa nthunzi ya madzi, kuyambira pafupi ndi nthaka mpaka kumwamba kwenikweni. Makinawa satumiza kanthu pansi. Amangotchera mafunde ofooka kwambiri amene mpweya umatulutsa wokha.

Okosijeni amatulutsa mafunde ake pakati pa 50 ndi 60 GHz. Popeza okosijeniyu ndi wosakanikirana mofanana mumpweya paliponse, mphamvu ya mafundewo ikasintha ndiye kuti kutentha ndiko kwasintha. Nthunzi ya madzi imadziwika pa 22.2 ndi 183.3 GHz; iyo sikhala yofanana paliponse, choncho mafunde ake amaulula kuchuluka kwa chinyezi.

Luso lenileni lagona pa matchanelo, omwe ndi magawo osiyanasiyana a mafunde amene makinawa amatchera. Pa tchanelo china mpweya umameza mafunde kwambiri, moti ofika ku setilaiti ndi ochokera kumwamba kokha. Pa china sumeza kwambiri, ndipo makina amamva za pansi. Akaphatikiza zonse, akatswiri amadziwa kutentha pa msinkhu uliwonse wa mlengalenga. Kuti asasokere, makinawa amadziwongola okha: amayang'ana kuthambo kozizira pafupifupi madigiri 270 pansi pa ziro, kenako kachipangizo kofunda kamene kali mkati mwawo.

Mwa zoyezera zoterezi, MSU, ya matchanelo 4, inakwera pa setilaiti ya America ya TIROS-N mu 1978. AMSU inatsatira mu 1998 pa NOAA-15, ndipo ATMS, ya matchanelo 22, inayamba mu 2011 pa Suomi NPP, makilomita pafupifupi 824 kumwamba. Mayiko a ku Ulaya anayamba kuulutsa masetilaiti a Metop mu 2006. Setilaiti iliyonse yotere imadutsa dera limodzi pafupifupi kawiri patsiku.

Ku Dedza ubwino wa zoyezerazi ndi woonekeratu. Tauniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri lake limafika 2,198. Nkhungu ndi mitambo yotsika n'zosasowa kumeneko. Zoyezera za infrared zimathera pamwamba pa mtambo, pamene microwave imapyola, kupatula pakakhala mvula yamphamvu.

Komabe diso la zoyezera za microwave ndi lalikulu zedi. Poyeza kutentha, ATMS imatenga dera lotambalala makilomita 32 ngati kadontho kamodzi. Kadontho kotere kakhoza kuphatikiza Bembeke wozizira ndi Mtakataka wotentha, amene ali mamita pafupifupi 1,000 kumunsi, n'kupereka nambala imodzi imene siyimira bwino malo alionse mwa awiriwa. Nthaka nayo imatulutsa mafunde amphamvu osinthasintha malinga ndi kunyowa kwake, zomwe zimasokoneza matchanelo a pansi. Panyanja yamchere vutoli ndi lochepa.

N'chifukwa chake phindu lalikulu limafika ku Dedza mozungulira. Chinyezi chambiri chobweretsa mvula kuno chimadutsa pa nyanja ya Indian ndi pakati pa Mozambique ndi Madagascar, kumene zoyezera zapansi n'zowerengeka. Zimene masetilaiti ayeza kumeneko zimalowa m'makompyuta olosera nyengo a mabungwe monga ECMWF ya ku Ulaya, ndipo nthambi yoona zanyengo m'Malawi, yomwe likulu lake lili ku Blantyre, imagwiritsa ntchito zolosera zoterezi pokonza uthenga wopita kwa anthu. Namondwe ngati Freddy wa mu 2023 amatsatidwanso motero, chifukwa microwave imaonetsa mtima wa namondwe wobisika pansi pa mitambo.

Mlimi wa mbatatesi wofuna kudziwa mmene usiku wa mu July uzizirire m'dambo lake sangayankhidwe ndi setilaiti yokha. Pamenepo pafunika malo oyezera nyengo apansi, osamalidwa bwino ndi owerengedwa tsiku ndi tsiku.