Chimbale Chopambana cha Paul Simon Nchiti? Mbiri ya Mtsutso Wosatha

Pali mitsutso ina imene sizizira ngakhale otsutsanawo atamera imvi. Ife amene tinakula m'masiku a zimbale zakuda ndi makaseti timaudziwa umodzi mwa mitsutso yotere. Okonda nyimbo za Paul Simon akakumana, sipatenga nthawi wina asanafunse kuti mwa zimbale zonse za mkuluyu chopambana nchiti. Ku America ndi ku Ulaya anthu akhala akukangana za funsoli kwa zaka zambiri, komabe ife kuno tili ndi zifukwa zathuzathu zolankhulirapo. Nyimbo yake ina inaletsedwapo m'dziko muno, ndipo pa chimbale chake chotchuka koposa pamamveka gitala ya munthu wotchedwa Phiri. Ndafuna ndilondole mbiri ya mtsutsowu, pakuti ukautsata bwino umapeza kuti anthu sakangana za kukoma kwa nyimbo kokha.

Paul Simon anabadwa mu 1941 ku Newark, ndipo anakulira ku Queens mu mzinda wa New York. Anayamba kuimba ali mnyamata pamodzi ndi mnzake wa kusukulu, Art Garfunkel. Kutchuka kwawo kunabwera mwa njira yodabwitsa. Mu 1965 mkulu wina wojambula nyimbo, Tom Wilson, anatenga nyimbo yawo ya "The Sound of Silence", imene anaiimba ndi gitala wamba, nawonjezeramo magitala amagetsi ndi ng'oma eni ake osadziwa. Pofika Januwale 1966 nyimboyo inali pa nambala 1 ku America. Kuchokera pamenepo Simon wakhala akuwerengedwa m'gulu la oimba nyimbo za rock.

Pa mtsutso wa zimbale zake pali magulu atatu, ndipo chovuta nchakuti gulu lililonse lili ndi umboni wofanana. Chimbale chimene gulu lililonse limakonda chinalandira mphoto ya Grammy ya chimbale chopambana pa chaka: choyamba mu 1971, chachiwiri mu 1976, chachitatu mu 1987. Tsono mphoto sizingathetse mlanduwu.

Gulu loyamba limaima pa Bridge over Troubled Water, chimene chinatuluka mu Januwale 1970. Iwo amati pafupifupi nyimbo zonse za m'menemo anapeka ndi Simon, ndipo palibe chimbale chake china chimene chili ndi nyimbo zambiri zoti munthu wamba nkuimba pamtima. Otsutsa amayankha kuti chimbalechi ndi cha anthu awiri, ndipo nyimbo imene inapatsa chimbalecho dzina anaiimba ndi Garfunkel. Awiriwa anasiyana chaka chomwecho. M'chimbale chimenechi ndimo muli "Cecilia", nyimbo ya mwamuna wodandaula za mkazi amene akumusautsa mtima. M'nthawi ya ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda nyimboyi inaletsedwa m'Malawi muno, popeza dzinalo linali lofanana ndi la Mayi Cecilia Kadzamira. Achinyamata a lero akamva zimenezi amaseka, koma amene analipo amadziwa kuti sizinali zoseketsa.

Gulu lachiwiri ndi la anthu okonda mawu a m'nyimbo. Iwowa amasankha Still Crazy After All These Years cha 1975, chimene Simon anachijambula banja lake loyamba litangotha. Amati apa ndi pamene timamva munthuyo payekha, wopanda mnzake womukometsera mawu, akulankhula za ukwati, kusungulumwa ndi kukula. Ena a m'gulu lomweli amapita patsogolo nasankha Hearts and Bones cha 1983, chimene sichinagulidwe kwenikweni. Iwo amati kusayenda malonda sikutanthauza kuipa kwa katundu.

Gulu lachitatu, limene ndi lalikulu, limati chopambana ndi Graceland cha 1986. Apa ndi pamene mtsutso umatentha, ndipo tiyenera kuona m'mene chimbalechi chinapangidwira.

Pofika 1984 zinthu sizinali bwino kwa Simon. Hearts and Bones chinali chitalephera, ndipo ukwati wake wachiwiri, ndi Carrie Fisher, unali utatha. M'chaka chimenecho woimba mnzake anamubwereka kaseti ya nyimbo za mbaqanga zochokera ku South Africa, m'mene munali nyimbo za gulu la Boyoyo Boys. Anaimvera kosalekeza. Mu Febuluwale 1985 anakwera ndege kupita ku Johannesburg pamodzi ndi katswiri wake wojambula mawu, Roy Halee, ndipo anakhala pafupifupi masabata awiri mu situdiyo ya Ovation. Kumeneko anaimba ndi gulu la Tao Ea Matsekha la nyimbo za Chisutu, General M.D. Shirinda ndi Gaza Sisters a nyimbo za Chishangani, Boyoyo Boys, Bakithi Kumalo woimba gitala ya bezi, ndiponso Isaac Mtshali ndi Ray Phiri a gulu la Stimela. Phiri anabadwa mu 1947 pafupi ndi Nelspruit, ndipo bambo amene anamulera, amenenso ankaimba gitala, anali Mmalawi, mmodzi mwa anthu athu ambirimbiri amene anapita ku Joni kukafuna ntchito.

Kapangidwe ka chimbalechi kanali kachilendo. Kale Simon ankayamba wapeka nyimbo, kenaka nkuitana anthu oti amuimbire zida. Ku Johannesburg anatembenuza zinthu. Oimba aja ankangoimba mwa chizolowezi chawo, Halee nkumajambula. Atabwerera ku New York anadula matepi, nalumikiza zigawo, ndipo mawu anawapeka pomalizira, kuwayeza kuti agwirizane ndi kayendedwe ka gitala ndi bezi. Nyimbo ya "Homeless" anaijambula ku Abbey Road mu London pamodzi ndi Joseph Shabalala ndi kwaya yake ya Ladysmith Black Mambazo. Mu nyimbo ya "You Can Call Me Al" muli kachigawo kotchuka ka bezi ya Kumalo, kamene theka lake lachiwiri ndi theka loyamba lomwelo loseweredwa chobwerera m'mbuyo pa tepi. M'nyimbo yomweyo mukumveka chitoliro cha kwela. Kwa ife amene tinazolowera nyimbo za Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, mawu amenewo sanali achilendo konse. Nchifukwa chake ambiri kuno chimbalechi anachilandira ngati chakwathu.

Koma walira mvula walira matope. Mu Disembala 1980 bungwe la United Nations linali litapempha oimba ndi aluso onse a pa dziko lapansi kuti anyanyale South Africa chifukwa cha tsankho la boma la azungu. Simon ankadziwa zimenezi. Harry Belafonte anamulangiza kuti ayambe wakambirana ndi chipani cha ANC, koma iye sanatero. Chimbalecho chinatuluka mu Ogasiti 1986, patangopita miyezi iwiri boma la P.W. Botha litakhazikitsa malamulo a nthawi ya chipwirikiti m'dziko lonselo, anthu zikwizikwi ali m'ndende popanda kuzengedwa mlandu.

Otsutsa ananena zinthu zitatu. Choyamba, anati lamulo la kunyanyala likayamba kukhala ndi zipata, mphamvu yake imatha, pakuti aliyense adzati ulendo wake ndi wa zolinga zabwino. Chachiwiri, anati m'chimbale chonsecho mulibe nyimbo yodzudzula tsankho mwachindunji, ngati kuti munthu walowa m'nyumba ya maliro nangoyamikira kukoma kwa nyimbo. Chachitatu, anafunsa chifukwa chake anaitana Linda Ronstadt kudzaimba nawo, pomwe mayiyu anali ataimbapo ku Sun City mu 1983. Mu Epulo 1987, pamene Simon ankaimba ku Royal Albert Hall mu London, panja panali zionetsero, ndipo oimba a ku Britain monga Jerry Dammers, Paul Weller ndi Billy Bragg anamudzudzula poyera.

Oikira kumbuyo Simon nawonso anali ndi mfundo zawo. Anati iye sanakaimbe pamaso pa gulu losankhana mitundu, ndipo anali atakanapo kukaimba ku Sun City. Anati oimba aja anawalipira katatu kuposa malipiro ovomerezeka a mu situdiyo za ku New York, ndipo ena monga Shabalala, Shirinda ndi Forere Motloheloa analembedwa ngati opeka nawo nyimbo. Koma mfundo yaikulu inali yakuti kunyanyalako kunakonzedwa kuti kukhaulitse boma la azungu, osati kutsekera oimba akuda m'khola lomwe boma lomwelo linawatsekeramo kale. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, iwo anatero. Hugh Masekela ndi Miriam Makeba, amene anakhala zaka zambiri kunja kwa dziko lawo chifukwa cha tsankho, anaima naye ndipo anayenda naye pa ulendo woimba wa 1987. Mu Febuluwale chaka chimenecho gulu lonselo linaimba pa bwalo la Rufaro mu Harare, pamaso pa anthu akuda ndi azungu, ndipo anaimba pamodzi "Nkosi Sikelel' iAfrika". Mu 1988 Ladysmith Black Mambazo inalandira Grammy yake yoyamba ndi chimbale cha Shaka Zulu, chimene Simon anathandiza kujambula.

Nelson Mandela atatuluka m'ndende pa 11 Febuluwale 1990, mtsutso unayamba kusintha nkhope. Mu Januwale 1992 Simon anakaimba ku Johannesburg ndi chilolezo cha ANC, ngakhale achinyamata otsatira bungwe la AZAPO anatsutsabe kwambiri. Funso la kunyanyala linayamba kuzirala, koma linadzuka lina: kodi nyimbozi mwini wake ndani? Gulu la Los Lobos la ku Los Angeles, limene linaimba nawo nyimbo yomaliza ya m'chimbalecho, linadandaula kuti nyimboyo inachokera kwa iwo koma dzina lawo silinalembedwe pa opeka. Ray Phiri, amene analembedwa ngati wothandiza kukonza kaimbidwe, nayenso anadandaulapo m'zaka za pambuyo pake kuti gawo lake silinawerengedwe mokwanira. Simon anakana madandaulo otere. Pano mtsutso unafika pa nkhani imene ife a kuno timaidziwa bwino kuchokera ku migodi ndi ku maesiteti: wogwira khasu ndi wina, wolembedwa dzina pa thumba ndi wina.

Tisaiwale kuti kubwereka maimbidwe a anthu ena Simon sanayambire pa Graceland. Pa chimbale cha 1970 chija pali "El Condor Pasa", nyimbo ya ku Peru imene anaikapo mawu ake. Mu 1971 anapita ku Kingston ku Jamaica kukajambula "Mother and Child Reunion" ndi oimba reggae a komweko. Mu 1973 anaimba ndi gulu la nyimbo zauzimu la Dixie Hummingbirds. Mu 1990 anatulutsa The Rhythm of the Saints, chodzaza ndi ng'oma za ku Brazil, zina mwa izo za gulu la Olodum, ndi gitala ya Vincent Nguini wa ku Cameroon, ndipo alipo ena ochepa amene amati chimenechi ndicho chakuya koposa. Choncho amene amathawira ku zimbale zakale poganiza kuti kumeneko kuli Simon yekhayekha akudzinamiza. Luso lake lalikulu kuyambira pachiyambi linali khutu lodziwa kumva chokoma m'nyimbo za ena, ndi cholembera chodziwa kuikapo mawu.

Mu 2012 kunatuluka kanema wa Joe Berlinger wotchedwa Under African Skies. M'menemo Simon anakhala pansi ndi Dali Tambo, mwana wa Oliver Tambo, amene anali mmodzi mwa otsogolera zionetsero zija. Aliyense ananena mbali yake, palibe amene anagonja kwathunthu, koma anasiyana mwamtendere. Ambiri mwa anthu a m'nkhaniyi anatisiya: Makeba mu 2008, Ray Phiri mu 2017, Masekela mu 2018, ndi Shabalala mu 2020.

Tsono ine ndiima pati? Ndiima ndi gulu lachitatu, koma ndi mawu owonjezera. Graceland ndicho chimbale chopambana chimene chili ndi dzina la Paul Simon pachikuto, ndipo chinapambana chifukwa sichinali chake yekha. Mutu umodzi susenza denga. Mutachotsamo gitala ya Phiri, bezi ya Kumalo, akodiyoni ya Motloheloa ndi mawu a anyamata a Shabalala, chotsalacho sichingafike pa Still Crazy. Komanso mutachotsamo Simon, nyimbo zija sizikanamveka m'nyumba mamiliyoni ambiri za kutsidya kwa nyanja mu 1986. Ndikuvomerezanso kuti amene anaima panja pa Royal Albert Hall sanali opusa. Anthu ankafa, ndipo kunyanyala chinali chida chimodzi mwa zochepa zimene dziko linali nazo. Munthu angathe kulakwitsa njira koma nkubwerako ndi chinthu chabwino, ndipo kukoma kwa chinthucho sikufafaniza kulakwa kwa njirayo.

Pempho langa kwa inu anzanga ndi laling'ono. Mtsutsowu ukadzabukanso pamene takumana, kaya mukonda chimbale cha 1970, cha 1975 kapena cha 1986, musatchule dzina limodzi lokha. Funani m'ndandanda wa oimba a pa chimbalecho, muwerenge mayina onse mokweza, kufikira mutafika pa Phiri.