Thanzi La Onse: Kuyesa Mfundo za Zaumoyo pa Makompyuta Ambiri

Thanzi La Onse ndi pulogalamu ya pakompyuta yomwe imayerekeza moyo wa Amalawi, aliyense payekhapayekha, pofuna kuthandiza boma kuona zotsatira za mfundo za zaumoyo lisanalowetsepo ndalama. Ntchitoyi inayamba m'chaka cha 2017 mogwirizana pakati pa Unduna wa Zaumoyo, College of Medicine, yomwe tsopano ndi mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, ndi sukulu za ukachenjede za York, Imperial College London ndi University College London.

M'pulogalamuyi muli anthu ongoyerekeza. Aliyense ali ndi zaka zake, boma lomwe amakhala ndiponso kapezedwe kake. Amabadwa, amadwala malungo, chifuwa chachikulu kapena Edzi, amayembekezera, amachita ngozi zapamsewu, mpaka kumwalira.

Mwachitsanzo, mwana wa m'boma la Phalombe akadwala malungo, kompyuta imachita ngati maere, motsatira ziwerengero zenizeni, kuti ione ngati makolo apita naye kuchipatala. Akafika, imafunsa ngati namwino ali ndi nthawi yomuona tsikulo komanso ngati mankhwala alipo. Chimodzi chikasowa, mwanayo amabwerera osathandizidwa ndipo matenda akhoza kukula. Apa mpamene pagona phindu kwa okonza bajeti, chifukwa zimaoneka poyera kuti kugula mankhwala popanda kulemba ntchito anamwino sikupulumutsa anthu ochuluka monga momwe mapepala amalonjezera.

Popeza maere sagwa mofanana, mfundo iliyonse imayesedwa kangapo, ndipo kuyesa kumodzi kumatsata anthu zikwizikwi kwa zaka zambiri. Kompyuta imodzi ya muofesi ingachedwe kwambiri. Nchifukwa chake pulogalamuyi, yomwe inalembedwa mu Python, imatumizidwa kudzera pa intaneti ku makompyuta a Microsoft Azure. Kompyuta iliyonse imayendetsa kuyesa kwake payokha, ndipo zotsatira zimaphatikizidwa pamapeto.

Pali njira ina yovutirapo, yogawa anthu a m'kuyesa kumodzi pa makompyuta angapo, monga imachitira Repast HPC ya ku Argonne National Laboratory ku America. Pamenepo makompyutawo amayenera kumauzana nthawi zonse munthu akasamuka kapena akapatsira mnzake matenda, ndipo ochedwa amadikiritsa onse.

Adindo a m'maboma ayenera kuwerenga zotsatirazi mosamala. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 429,450 m'boma la Phalombe, kutanthauza anthu awiri kapena atatu pa 100 alionse m'dziko muno. Anthu ongoyerekeza a bomali amakhala ochepa chimodzimodzi, choncho chiwerengero cha dziko lonse nchodalirika kuposa cha boma limodzi. Komanso zambiri zomwe pulogalamuyi imadalira zimachokera m'malipoti a zipatala, monga a mankhwala otsala m'nkhokwe omwe amalowetsedwa mu OpenLMIS mwezi ndi mwezi. Lipoti lolakwika la ku Migowi kapena ku Nambazo likhoza kusokoneza zotsatira.