Liwu Limene Linaika Mfiti ndi Ng'anga m'Dengu Limodzi

Munthu akamayenda m'misewu ya Kanyama kapena ya Chawama, nawerenga zikwangwani za asing'anga olonjeza kubweza mkazi wothawa ndi kukwezetsa munthu pa ntchito, pambuyo pake namva wapolisi kapena mtolankhani akutcha zonsezo witchcraft, adziwe kuti liwu limenelo, ngakhale lazolowereka pakamwa pa ana a mu Lusaka, lidaoloka nyanja lili kale ndi imvi.

Zaka zoposa 1,000 zapitazo Angelezi ankati wicca ponena mwamuna wamatsenga, wicce ponena mkazi, ndipo cræft ponena luso kapena mphamvu. Nawonso adapachika anzawo ambiri powaganizira ufiti, kufikira pamene lamulo lawo la 1735 lidagamula kuti matsenga n'chinyengo chabe, kotero kuti wolangidwa akhale iye wodzitama kuti ali nawo.

Ndi mtima womwewo atsamunda adalemba lamulo la ufiti ku Nyasaland mu 1911, ndi kuno ku Northern Rhodesia mu 1914. Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma aka kadameta ndi nsidze zomwe. Pakuti makolo athu sadasokonezepo mfiti, imene imatamba usiku nifukula manda, ndi ng'anga, amene amaombeza ula masana pofuna kuigwira mfitiyo. Koma mzungu, amene m'kamwa mwake ng'anga adasanduka witchdoctor, adaika chilango pa woloza mnzake chala kuti ndi mfiti, ndi pa woombeza yemwe. Anthu adaona ngati boma lakhala mlonda wa mfiti, ndipo n'chifukwa chake a mchape, anthu osaka mfiti, pofika kuchokera ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1930 ndi timagalasi ndi mankhwala awo akumwa, adalandiridwa m'midzi monga apulumutsi.

Amayi a ku Matero ndi ku Mtendere sasokonezabe: kukhwima n'kwina, chithumwa cha khanda n'china, kulodza n'kwinanso. Koma lamulo lija likadalipo, pa mutu 90 wa malamulo a Zambia, ndipo mu September 2025 khoti la mu Lusaka lidalamula amuna awiri kukakhala kundende zaka ziwiri pa mlandu wofuna kulodza Pulezidenti Hakainde Hichilema, atawapeza ndi zizimba zosiyanasiyana, pamodzi ndi bilimankhwe wamoyo.