Bayopusi

Dokotala akati "tidule kanyama pa chotupachi tikayeze," mawu amene amalemba pa khadi ndi akuti bayopusi. Gwero lake ndi Chigiriki: bios, moyo, ndi opsis, kuona. Anawayambitsa ndi Ernest Besnier, dokotala wa matenda a khungu wa ku France, mu 1879. Tanthauzo lake ndi kuunika mnofu wa munthu amene akali moyo, kusiyana ndi kupima mtembo.

Kanyamako, mwina kochepa ngati njere ya mpunga, amakaviika mu formalin kuti kasawole. Akakachotsa madzi amakakwirira mu phula, n'kumakasenga ndi makina otchedwa microtome, tizidutswa topyapyala kuposa tsitsi. Kenako amatipaka utoto wabuluu ndi wofiirira kuti maselo aoneke pa maikulosikopu. Apo m'pamene katswiri amatsimikiza ngati chotupacho ndi khansa, komanso mtundu wake.

Zimandiwawa kumva amayi akukana bayopusi poopa kuti mpeni ufalitsa matenda, pamene khansa ya khomo la chiberekero ikutha amayi ambiri ku Malawi. Phula lija limasunga mnofu kwa zaka zambiri, ndipo ofufuza akapatsidwa chilolezo amabwererako kukaphunzira mmene khansa imakulira.