Kuchoka pa Mtondo Kufika pa Chigayo: Mbiri ya Mapaketi a Debian

M'masiku oyambawo, Richard Stallman atalengeza ntchito ya GNU mu 1983, Linus Torvalds nayenso atatulutsa Linux mu 1991, munthu wofuna pulogalamu kawirikawiri ankalandira mawu ake okha monga mwini anawalembera, amene eni ntchitoyi amawatcha source code. Ndipo monga mayi wopatsidwa chimanga m'malo mwa ufa, anayenera kusinja yekha kufikira mawuwo atasanduka chinenero chimene makina amamva. Munsi wake unali make, chida chimene Stuart Feldman anachikonza ku Bell Labs mu 1976. Koma popeza pulogalamu imodzi imatsamira pa inzake, inzakeyonso pa ina, wosinjayo nthawi zina ankachezera pa mtondo, mbandakucha n'kumupeza akali ndi mphale.

Tsono pa 16 Ogasiti 1993, Ian Murdock, wophunzira wa ku Purdue University, analengeza mtolo wa mapulogalamu a Linux wotchedwa Debian, dzina limene analiumba pa la bwenzi lake Debra ndi lake lomwe. Ndipo pozindikira kuti mutu umodzi susenza denga, anthu ake anakhazikitsa mwambo wakuti paketi iliyonse, kutanthauza pulogalamu yosinjidwa kale, ikhale ndi woisamalira. Ameneyo amaika pambali pa mawu a mwini kafoda kotchedwa debian, m'mene fayilo ya control imatchula zonse zimene pulogalamuyo imadalira, ya rules n'kulongosola kasinjidwe kake. Potero pamatuluka paketi ya .deb, imene chida chotchedwa dpkg chimaikhazika m'kompyuta, n'kulemba malo a fayilo iliyonse, kuti tsiku loichotsa pasatsale ngakhale gaga. APT, imene inalowa mu Debian 2.1 mu 1999, ndiyo inakhala mtumiki wokatenga paketi pamodzi ndi abale ake onse.

Koma wodya ufa wa kuchigayo adziwa bwanji kuti unachokeradi ku chimanga chimene anachiona? Pofuna kuyankha funso limeneli, mu 2013 a Debian anayamba kulimbikira kuti anthu awiri osadziwana, akasinja mawu amodzimodzi, apeze paketi yofanana ndendende. Pakuti m'mudzi umenewu chigayo chimakhulupirika chifukwa mtondo sunatayidwe, ndipo wokayika aliyense ali ndi ufulu wosinja yekha ndi kuyerekeza.